Malata 400, chala chachikulu ndi mawu akuti “zatheka”

Sabata imene kwacha inagwa

Ndili ndi shopu ya zipangizo zomangira nyumba pa Mponela, ndipo kwa zaka zoposa 10 ndakhala ndikuoda malata, simenti ndi misomali ku Lilongwe. Kale ndinkalawirira minibasi ndalama zili m'chikwama chomangirira m'chiuno, ndipo ndinkabwerera madzulo ndi risiti ya kaboni yokhala ndi chidindo ndi siginecha ya wogulitsa. Pang'ono ndi pang'ono ulendo umenewo unatha. Mitengo inayamba kubwera pa WhatsApp, ndalama zinayamba kuyenda pa Airtel Money ndi Mpamba, ndipo galimoto inkafika ndi katundu ine ndili pakauntala. Ndinasangalala nako kusinthako, chifukwa tsiku lonse la malonda limene ndinkataya pamsewu linabwerera m'manja mwanga, ndipo mantha oyenda ndi ndalama zambiri mu depoti anachoka.

Kumayambiriro kwa Novembala 2023 ndinaoda malata 400 kwa wogulitsa wina amene ndinali nditachita naye malonda kambirimbiri. Kalaliki wake ananditumizira mtengo pa WhatsApp. Ine ndinalemba kuti ndikufuna malata 400 pa mtengo umenewo, ndipo iye anayankha ndi kachizindikiro ka chala chachikulu choloza m'mwamba. Patapita mphindi zochepa panabwera uthenga wa mawu wa mwini bizinesiyo, wochokera pa nambala yomweyo, wonena kuti: “Zatheka, achimwene. Tumizani theka, galimoto ibwera Lachisanu sabata yamawa.” Ndinatumiza thekalo m'zigawo kwa masiku atatu, ku nambala imene kalalikiyo anandipatsa.

Lachinayi pa 9 Novembala kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Lachisanu galimoto sinabwere. Nditaimba foni, mwini bizinesiyo anandiuza modekha kuti zimene tinalemberana zinali zongokambirana chabe, kuti panalibe pangano lililonse losainidwa, ndipo ndisankhe pakati pa kuonjezera ndalama pa mtengo watsopano kapena kulandira theka langa lija. Ndalama zobwezedwazo zikanagula malata ochepa kwambiri poyerekeza ndi sabata yathayo. Chimene chinkandisowetsa tulo kwambiri n'chakuti mwa malatawo, 60 anali atalipiridwa kale ndi mphunzitsi wina amene nyumba yake inali itafika pa denga, ndipo mitambo ya mvula yoyamba inali itayamba kale kusonkhana madzulo aliwonse.

Kalata ya mphwanga

Mphwanga, mwana wa mchemwali wanga, anali kunyumba pa nthawiyo ndi laputopu yake. Atamva nkhaniyi anati, “Amalume, musataye ndalama kwa loya, kalatayo ndikulemberani ine usiku uno.” Anatsegula ChatGPT, makina a pa intaneti amene amalemba mayankho ngati munthu, n'kulowetsamo nkhani yonse, mayina, manambala a foni ndi kuchuluka kwa ndalama, ndipo pasanathe mphindi zisanu panatuluka kalata ya Chingelezi chosalala, yamasamba awiri, yotchula lamulo komanso milandu iwiri imene inati inagamulidwa ndi Khoti Lalikulu la Malawi, yokhala ndi mayina a mbali zonse ziwiri, manambala ndi zaka zake. Nditaiwerenga mtima wanga unakhala pansi kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo. Komabe, popeza ndalamazo zinali zambiri, ndinaganiza zoti loya aione kaye ndisanaitumize, kuti angoikapo chidindo cha ofesi yake.

Mu ofesi ya a loya

Loyayo anali mayi wachikulire pang'ono, wa ofesi yaing'ono ya pansanjika yachiwiri mu Lilongwe, ndipo kumbuyo kwake kunali mashelefu a mabuku a milandu okutidwa ndi zikuto zakuda. Anawerenga kalatayo osayankhula, kenako anatembenuzira kompyuta yake kwa ine n'kutsegula MalawiLII, tsamba la pa intaneti limene limasunga zigamulo za makhoti ndi malamulo a dziko lino kuti aliyense awerenge mwaulere. Analemba dzina la mlandu woyamba. Sipanatuluke kanthu. Analemba nambala yake, kenako dzina la mbali imodzi yokha, kenako chaka chokha pamodzi ndi mawu a malonda. Anadzuka, natenga mabuku awiri pashelefu, n'kutsegula mndandanda wa milandu wa kumapeto kwake, chala chikutsika mzere ndi mzere. Anachita chimodzimodzi ndi mlandu wachiwiri. Kenako anavula magalasi nati, “Bambo, milandu iwiriyi sindikuipeza paliponse, ndipo sindingaike dzina langa pansi pa mlandu umene sindinauwerenge ndi maso anga.”

Anandifotokozera kuti makina amenewa saloweza mabuku a milandu n'kumakutsegulirani tsamba loyenera, koma amalumikiza mawu motsatira mmene mawu amakonda kutsatirana m'zolembedwa zambiri zimene anaphunzitsidwa nazo, kotero kuti akhoza kupanga dzina la mlandu looneka loona, lokhala ndi nambala ndi chaka, pamene mlanduwo sunachitikepo. Anandiuza za mlandu wa Mata ndi kampani ya ndege ya Avianca ku New York, umene maloya anapereka kukhoti milandu isanu ndi umodzi yopekedwa ndi ChatGPT, ndipo mu Juni 2023 woweruza P. Kevin Castel anawalipiritsa chindapusa cha madola 5,000. M'modzi wa maloyawo anafika pofunsa makinawo ngati milanduyo inali yeniyeni, ndipo makinawo anamutsimikizira kuti inali yeniyeni. Ndikumvetsera zimenezi ndinakumbukira mawu a akuluakulu akuti kandimverere anakanena za m'maluwa. Ine ndi mphwanga tinatuma wina kuti akatimverere kukhoti, ndipo anabwera ndi nkhani yokoma imene sanaimve kwa aliyense.

Anaika kalatayo pambali n'kufunsa funso limene ndinali ndisanaliganizire: “Foni imene munalemberana nayo ili kuti?” Ndinatulutsa mapepala amene ndinasindikiza ku kafe, a zithunzi za mauthenga zimene ndinajambula pafoni. Anawayang'ana pang'ono chabe nati akufuna foni yeniyeniyo. Chithunzi cha uthenga, anatero, mwana aliyense wodziwa kompyuta akhoza kuchipanga, ndipo mbali inayo idzanena zomwezo. Dzina limene limaoneka pamwamba pa chithunzicho ndi limene ineyo ndinasunga m'foni mwanga, choncho silitsimikizira kuti wolembayo anali ndani. Anandiuza kuti lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limavomereza kuti uthenga wa pafoni kapena pa kompyuta ukhale umboni, ndipo khoti silingaukane chifukwa chongoti suli papepala, koma kulemera kwa umboniwo kumadalira mmene uthengawo unapangidwira, mmene wasungidwira, ndiponso ngati wotumizayo akudziwika bwino.

Ndinamupatsa foniyo, yosweka galasi pakona, ndipo anaigwira mosamala ngati dzira. Anandiletsa kufufuta chilichonse, kusintha foni, kapena kuipereka kwa okonza. Kalaliki wa loyayo anatumiza zokambirana zonsezo ku imelo ya ofesi pamodzi ndi uthenga wa mawu uja, n'kulemba tsiku ndi nthawi zimene anachitira zimenezo. Ndinaphunzira tsiku limenelo kuti mauthenga a WhatsApp amatsekedwa m'njira yakuti kampani ya foni ilibe zimene tinalemberana, kotero kuti foni ikagwera m'madzi popanda kusunga zokambiranazo kwina, pangano lonse limapita nawo. Ndinaphunziranso kuti kuyambira mu 2023 munthu akhoza kusintha uthenga umene watumiza pasanathe mphindi 15, ndipo akhozanso kuufufuta kumbali zonse ziwiri kwa kanthawi, zinthu zimene risiti ya kaboni sinkalola.

Kenako tinafika pa ndalama. Anandipempha kuti ndiwerenge uthenga wotsimikizira kuti ndalama zapita, ndipo nditawerenga dzina la wolandira, ndinazindikira ndekha pamene panali vuto. Silinali dzina la bizinesiyo, ndipo silinali la mwini wake. Linali la kalaliki wa wogulitsa uja. Kuyambira pamene boma linalamula kuti nambala iliyonse ya foni ilembetsedwe ndi chiphaso cha unzika mu 2018, nambala iliyonse ili ndi mwini wake wodziwika, ndipo dzinalo linkaoneka nthawi zonse zitatu zimene ndinatumiza, koma ine ndinkangodina kuvomereza chifukwa anthuwo ndinkawadziwa. Loyayo anati mbali inayo ikhoza kunena kuti mnyamatayo analibe mphamvu zomangira bizinesi pa mtengo uliwonse, ndipo chimene chikanatseka pakamwa pa mfundo imeneyo chinali mawu a mwini wake mu uthenga wa masekondi asanu ndi atatu uja.

Kodi “zatheka” amatanthauza chiyani?

Tinaumvetsera uthengawo mwina kasanu. Kwa ine, amene ndakulira mu msika, panalibe chokayikitsa: munthu akati “zatheka” n'kukuuza kuti utumize theka, malonda atha, chatsala n'kunyamula katundu. Koma loyayo anandikumbutsa kuti chilankhulo cha zolembedwa za kukhoti ndi Chingelezi, choncho uthengawo uyenera kulembedwa papepala m'Chichewa, kenako kumasuliridwa, ndipo pa kumasulirako ndi pamene mkangano ungabadwire. Womasulira wina angalembe kuti mwiniyo ananena kuti pangano lachitika, pamene wina angalembe kuti ananena kuti zinthuzo n'zotheka kuchitika. Kusiyana kwa ziwirizi kunali kusiyana kwa malata ambirimbiri.

Apa ndipamene ndinaona kuti malonda athu ambiri amayenda pa mawu amene tonse timawamva bwino tili maso ndi maso, koma amene amaterera akalowa m'fayilo. “Tiona” nthawi zina ndi kukana mwaulemu, nthawi zina ndi lonjezo. “Palibe vuto” angatanthauze kuti ndamva, kapena kuti ndavomera. Kale mawu oterewa ankanenedwa pamaso pa anthu, wonyamula katundu alipo, mnzako wa shopu yoyandikana alipo, ndipo mawuwo akatsutsidwa panali wina woti n'kunena mmene nkhope ya munthuyo inalili ponena. Foni yasunga mawu enieniwo, ndi liwu la mwini wake, bwino kuposa mmene mboni iliyonse ikanawakumbukira, koma yachotsapo anthu aja amene ankadziwa tanthauzo lake.

Za chala chachikulu chija, loyayo anandiuza nkhani ya ku Saskatchewan m'dziko la Canada, yomwe inagamulidwa mu Juni 2023. Kampani yogula mbewu ya South West Terminal inatumizira mlimi chithunzi cha pangano logula mbewu ya flax, mlimiyo anayankha ndi chala chachikulu, ndipo mitengo itakwera sanapereke mbewuyo. Mlimiyo anati chalacho chinkangosonyeza kuti uthenga waulandira. Woweruza anayang'ana mmene awiriwo ankachitira malonda m'mbuyomo, pamene mlimiyo ankavomera mapangano ndi mawu afupiafupi pafoni n'kupereka katundu, ndipo anagamula kuti chalacho chinali kuvomera, nalamula kuti alipire madola a ku Canada oposa 82,000. Ndinadzuka pang'ono pampando pomva zimenezi, koma mayiyo anandikhazika pansi ndi dzanja. Anati chigamulo cha ku Canada sichimanga woweruza wa ku Malawi, ngakhale angachimvetsere, ndipo chimene chinapambanitsa kampaniyo sichinali kachizindikirako pakokha koma mbiri ya malonda am'mbuyo. Choncho anandituma kuti nditsike m'munsi mwa zokambirana zathu, ndipeze nthawi zonse zimene kalalikiyo anayankha ndi chala katundu n'kubwera pa mtengo womwewo. Usiku umenewo ndinapeza maoda asanu ndi awiri otere, ndipo atatu mwa iwo ndalama zinapita ku nambala ya kalaliki yomweyo, katundu n'kufika popanda funso.

Ntchito ya loya nayonso yasuntha

Pamene ndinabwerera kachiwiri, ndinamufunsa ngati iye amadana ndi makina ngati amene mphwanga anagwiritsa ntchito. Anati ayi, ndipo nayenso amawagwiritsa ntchito pokonza chiganizo chovuta kapena pofupikitsa chikalata chachitali chimene wachiwerenga kale, koma salowetsamo dzina la kasitomala, nambala yake kapena chinsinsi chake, chifukwa zimene walowetsa zimapita ku makompyuta a kampani ya kunja imene iye sangaifunse kanthu. Ndinakumbukira kuti ife tinalowetsamo zonse, ngakhale dzina ndi nambala ya kalaliki amene sanatipatse chilolezo. Chaka chotsatira, mu 2024, dziko lino linakhazikitsa lamulo loteteza mbiri za anthu, la Data Protection Act, limene likuyang'aniridwa ndi MACRA, ndipo nditamva za lamulolo ndinaganiza za usiku uja, komanso za kabuku kanga ka angongole kamene tsopano kali m'foni, kodzaza ndi mayina ndi manambala a anthu a m'mudzi mwathu.

Chimene ndinachiona ndi maso anga n'chakuti ntchito yaikulu ya ofesi imeneyo pa mlandu wanga sinali kulemba Chingelezi chokoma, chifukwa chimenecho makina anachichita m'mphindi zisanu. Ntchito inali kusunga umboni usanawonongeke, kuona kuti dzina la wolandira ndalama silikugwirizana ndi la wogulitsa, kumvetsa kulemera kwa liwu limodzi la Chichewa, ndi kukana kusaina chimene sichinatsimikizidwe. Loya akaika dzina lake pa chikalata amayankha kukhoti ndi ku bungwe la maloya la Malawi Law Society, ndipo akanama akhoza kutaya chilolezo chake. Makina alibe chilolezo choti n'kutaya. Zimene zinachitika ku New York zinadzachitikanso pafupi nafe: kumayambiriro kwa 2025 Khoti Lalikulu la ku Pietermaritzburg ku South Africa linapeza kuti milandu yambiri imene maloya ena anatchula m'zikalata zawo kunalibe, ndipo linatumiza nkhaniyo ku bungwe loyang'anira maloya la kumeneko.

Sindikufuna kuti wina amve ngati ndikunyoza mphwanga kapena anyamata ena amene amathandiza makolo awo motere. Anachita zimenezo chifukwa cha chikondi, ndiponso chifukwa amadziwa kuti kwa wamalonda wamng'ono wa pa trading centre, loya ali kutali ndipo ndi wodula. Maofesi ambiri a maloya ali ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, ndipo Legal Aid Bureau, imene imathandiza osowa, ili ndi anthu ambiri oyembekezera thandizo. Munthu amene walandidwa ndalama zochepa kuposa zimene loya angafune adzatembenukira ku foni yake, ndipo ine sindingamudzudzule. Nkhawa yanga ndi yakuti makinawo amayankha molimba mtima mofanana pa zimene akudziwa ndi zimene akupeka, ndipo pa malamulo a Malawi ndi pa Chichewa, zimene zolembedwa zake pa intaneti n'zochepa, kupekako kumachuluka pamene wofunsayo ali ndi njira zochepa zotsimikizira.

Mmene zinathera

Kalata imene loyayo analemba inali ya tsamba limodzi ndi theka. Inalibe mlandu uliwonse wotchulidwa. Inali ndi masiku, nthawi za mauthenga, manambala a risiti za ndalama zitatu zija, mawu a uthenga uja m'Chichewa monga ananenedwera, ndi mndandanda wa maoda asanu ndi awiri am'mbuyo. Anandichenjeza kuti tikapita kukhoti nkhaniyo idzatenga miyezi, kuti malamulo a Khoti Lalikulu amafuna kuti milandu yambiri yotere iyambe yadutsa pa kukambirana pamaso pa mkhalapakati, ndipo kuti mlandu suola koma denga la mphunzitsi uja silingadikire.

Patapita masiku asanu ndi limodzi tinakhala pansi mu ofesi yomweyo, ine, mwini bizinesiyo ndi loya wake. Uthenga wa mawu utaseweredwa patebulo, munthuyo anayang'ana pansi kwa kanthawi, kenako anafotokoza kuti nayenso amene amamugulitsa malata anakweza mtengo Lachinayi lomwe lija, katundu wanga asanatuluke m'fakitale, ndipo ndinakhulupirira kuti akunena zoona. Tinagwirizana kuti malata 200, amene theka langa linalipira, abwere pa mtengo wakale, ndipo otsalawo ndigule pa mtengo watsopano ngati ndikuwafunabe. Ndinagula 80 okha. Ndikachotsa ndalama za loya ndi maulendo a ku Lilongwe, phindu la oda imeneyo linatha lonse, koma mphunzitsi uja analandira malata ake 60 pa mtengo umene ndinamulonjeza, ndipo anafolera nyumba yake m'sabata yoyamba ya Disembala, mvula itagwa kale kawiri pa mitengo ya denga.

Sindinabwerere ku minibasi ndi chikwama cha m'chiuno, ndipo sindikuganiza kuti ndidzabwererako. Ndikaoda katundu tsopano ndimalemba uthenga umodzi wokhala ndi zonse: mtundu wa katundu, kuchuluka, mtengo wa chimodzi, tsiku lobweretsa, ndi zimene zichitike mtengo ukasintha katundu asanafike. Ndimapempha kuti mwini wake ayankhe ndi mawu olembedwa ndi dzina lake, ndipo ndalama ndimatumiza ku akaunti ya bizinesi kapena ku nambala imene iye mwini wailemba mu uthenga womwewo. Ogulitsa ena poyamba anakhumudwa, ndipo m'modzi anandifunsa ngati ndasiya kumukhulupirira. Ndinamufotokozera za malata 400 aja, ndipo mawa lake anayamba kupempha zomwezo kwa amene amamugulitsa iye.

Ndimachitanso chimodzimodzi kwa amene amagula kwa ine. Mwezi wathawu mayi wina wa ku Dowa, amene mwana wake amagwira ntchito ku Johannesburg ndipo amatumiza ndalama za simenti pang'onopang'ono, ananditumizira uthenga wa mawu wofunsa ngati matumba 30 amene analipira adzawapeza pa mtengo womwewo mu Ogasiti. Chala changa chinapita chokha pa kachizindikiro kaja. Ndinachibweza, n'kulemba kuti matumba 30 a simenti alipiridwa onse, ndi ake, ndipo adzawatenga tsiku lililonse mpaka pa 31 Ogasiti popanda kuonjezera tambala, kenako ndinaika dzina langa lonse pansi pake. Popeza mayiyo sawerenga bwino, ndinamuwerengeranso mawu omwewo mu uthenga wa mawu, ndipo ndinatumiza zonse ziwiri kwa iye ndi kwa mwana wake.